Mmene Mungathandizire Bambo Wachipanjabi Amene Mowa Wamulowerera

Amalawi ambiri ku Britain amagwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba. Ngati muli ku Southall, Smethwick kapena Wolverhampton, tsiku lina mudzapezana ndi bambo wachipanjabi amene botolo lamugwira, koma sakufuna kuti aliyense adziwe.

Yambani mwamvetsa chimene akubisira. Apanjabi ali ndi mawu akuti izzat, ulemu wa banja lonse. Bambo akatchuka kuti ndi chidakwa, manyazi amagwera mkazi, ana, ngakhale mwana wamkazi amene akufuna kukwatiwa. Ndiye akukokedwanso mbali ziwiri. Malamulo a Asikh, Rehat Maryada, amaletsa mowa, Chisilamu chimaletsanso, koma pa ukwati mwamuna amathiridwa wisiki wambiri, muyeso umene amautcha Patiala peg, ndipo kukana kumaoneka ngati kunyoza mwini phwando. Kafukufuku amene BBC inachititsa mu 2018 anapeza kuti Asikh 27 mwa 100 alionse ku Britain ali ndi wachibale wovutika ndi mowa.

Choncho mulankhule naye ali yekha, osati pamaso pa ana kapena apongozi. Onjezani "ji" pa dzina lake. Ndi ulemu wawo. Mawu oti chidakwa asatuluke pakamwa panu. Mufunseni za tulo, za shuga, za manja amene akunjenjemera m'mawa. Nkhani ya thupi amaiyankha mosavuta, ndipo ya mowa imatulukira momwemo.

Musamukwapule ndi chipembedzo. Amadziwa kale zimene chimanena, ndipo n'zimene zikumudya mumtima. Mufunseni ngati ndi Msikh, Msilamu kapena Mhindu, musangoganiza.

Ngati Chingerezi chimamuvuta, pemphani womasulira wa kuchipatala. Mwana wake asamasulire, chifukwa palibe bambo angaulule mabotolo amene amamwa kudzera pakamwa pa mwana wake. Mumutsimikizirenso kuti nkhaniyi siikafika ku gurdwara, kachisi wa Asikh, kapena ku mzikiti.

Ichi ndiye musachiphonye: amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi. Akhoza kukomoka ndi kuphupha, ena amafa kumene. Aonane kaye ndi dokotala wake.

Akavomera kuthandizidwa, muuzeni za Sikh Recovery Network, gulu limene Jaz Rai anayambitsa ku Derby, kumene amuna amakambirana mu Chipanjabi ndi anzawo amene anadutsa njira yomweyo. Mkazi wa bamboyo mumufunsenso payekha ngati ali bwino pakhomopo. Ngati pali nkhanza zoika moyo pachiswe, imbani 999.