Kudya m'tauni: malo abwino adziwika ndi moto, madzi ndi manja

Anthu ambili a m'makomboni sadya cakudya ca masana kunyumba. Wogwila nchito m'tauni ya Chipata amene akhala ku Mchini kapena ku Nabvutika alibe nthawi yobwelela kwao masana. Amai ogulitsa pa msika wa Kapata, anyamata onyamula anthu pa njinga, ana a sukulu ndi apaulendo opita ku Lusaka, onsewa amadya cakudya cophikidwa ndi munthu amene samudziwa. Palibe colakwa pamenepa. Nkhani ili pa kusankha malo.

Anthu akamayamikila malo odyela amakamba za kukula kwa nsima, kuculuka kwa nyama, kuchipa kwa mtengo ndi ulemu wa mtsikana wopeleka cakudya. Olemba pa Facebook nawonso amakamba zomwezi, ndi zithunzi pamwamba. Zonsezi nzabwino, koma siziteteza munthu ku matenda. Wa zaumoyo akalowa pa malo odyela amafunsa zina: kodi cakudya cidzafika pa tebulo cotentha? Madzi acokela kuti? Nanga manja a wophika ndi a wakudya asambidwa bwanji?

Dzina lalikulu si ukhondo

Mu October 2017 kolela inabuka mu Lusaka, ndipo inakantha kwambili makomboni monga Kanyama. Pofika May 2018 anthu oposa 5,000 anali atadwala mumzindawo, ndipo oposa 100 anamwalila m'dziko lonse. Mu January 2018 boma linaletsa kugulitsa zinthu m'miseu ndipo asilikali anathandiza kuyeletsa tauni. Zimenezi anthu anaziyembekezela. Cimene cinadabwitsa ambili ncakuti malo ena odyela a maina odziwika, a magalasi ndi mipando yonyezimila, anatsekedwa nawonso a zaumoyo atayeza cakudya cao. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Kolela inabwelanso mu October 2023, ndipo m'miyezi yotsatila odwala anaposa 20,000, omwalila anafika m'ma 700, mpaka bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ogonekamo odwala.

Conco cikwangwani cokongola si umboni. Mai wophika pa mbaula mumsika, amene apakula nsima ndi ndiwo zikali kuwila, angadyetse munthu cakudya cotetezeka kuposa lesitilanti ya mtengo wapatali imene nkhuku zake zakhala m'galasi kuyambila m'mawa.

Nthawi ndiyo imaononga cakudya

Tuzilombo toyambitsa matenda a m'mimba tumafa cakudya cikaphikidwa bwino. Vuto limayamba poto ikacoka pamoto. Tuzilomboti tumaculukana cakudya cikakhala cofunda cabe, pakati pa madigili 5 ndi 60. Pa kutentha konga kwa mwezi wa October, kacilombo kamodzi kangagawike pawili pa mphindi 20 zilizonse. Woŵelenga ayese masamu: pa ola limodzi tumakhala 8, pa maola awili 64, ndipo pa maola anai tumaposa 4,000. Ndiwo zimene zinaphikidwa 10 koloko m'mawa, nkudyedwa 3 koloko madzulo, zingaoneke bwino, kununkhila bwino, koma mkati mwake muli gulu la nkhondo. Mphuno ndi lilime sizingadziwe.

Ndiye cifukwa cake a zaumoyo amaphunzitsa kuti cakudya cophikidwa cisakhale poyela kupitilila maola awili, ndipo cikatenthetsedwanso cifike powila, osati kungofunditsa. Pa malo odyela nsima kawili kawili ilibe mlandu, cifukwa palibe amene amalola nsima yozizila. Mlandu uli pa ndiwo. Anthu amabweza nsima ikazizila, koma amalandila mwakacetecete nyemba zofunda ndi msuzi wa dzulo. Ziyenela kukhala mosiyana: ndiwo zosatuluka nthunzi ndizo zoyenela kubwezedwa ku moto.

Pa cifukwa comweci, nthawi yabwino yodyela m'tauni ndi pamene anthu ali ambili, cakudya cikungocoka pamoto nkutha. Malo okhala ndi ndiwo za mitundu itatu ndi mzele wa anthu ndi odalilika kuposa malo okhala ndi mitundu 15 koma mipando ili yopanda anthu. Zotsala za pa malo otele sizitayidwa. Zimabwelanso mawa.

Pali zakudya zina zofuna diso lakuthwa. Mpunga ndi umodzi mwa izo, ngakhale ambili amauona wosalakwa. Mumpunga mumakhala tuzilombo tumene tumapulumuka pophika, ndipo mpunga ukagona poyela tumatulutsa poizoni amene safa ngakhale mpungawo aukazingenso. Wodya amayamba kusanza pasanathe maola 6. Ndiwo zotendela ndi nyemba sizicedwa kusasa. Kabichi wosaphika wosakaniza ndi mayonezi, amene amaikidwa pambali pa machipisi, sanapite pamoto nkomwe, ndipo anatsukidwa ndi madzi amene wodya sanawaone. M'nyengo ya kolela ndi bwino kumusiya m'mbale. Nkhuku iyenela kung'ambidwa mpaka pa fupa: ngati pali kufiila kapena madzi a magazi, sinapse, ngakhale kunja itauma bwanji. Masoseji ndi nsomba zimadalila filiji, ndipo filiji imadalila malaiti. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambili patsiku, nyama m'mafiliji ambili inali kusungunuka ndi kuumanso. Nyama yotele wophika amaibisa ndi tsabola ndi zokometsela zambili.

Beseni limodzi, anthu makumi awili

Mwambo wa kunyumba wosamba m'manja m'beseni limodzi, kuyambila atate mpaka mwana wotsiliza, ndi waulemu koma si waukhondo, pakuti mwana amasamba litsilo la onse. Pa malo odyela ndiye zimanyanya. M'beseni limenelo mwasamba kondakitala wogwila ndalama, wina wocokela kucimbudzi, ndi wina amene m'mimba mwake munayamba kale kuvuta. Nsima imadyedwa ndi manja, conco zonse za m'beseni zimapita mkamwa. Malo abwino amathilila munthu madzi ndi jagi, kapena ali ndi ndowa ya kapompi, ndipo sopo ali pomwepo. Thaulo lopacika pa msomali, limene aliyense apukutila, limabweza litsilo m'manja osamba kale. Kuli bwino manja aume okha.

Wodya aponyenso diso kumene akutsukila mbale. Ngati pali beseni limodzi la madzi amene asanduka msuzi, ndipo mbale zimangoviikidwa nkupukutidwa ndi nsanza, ndiye kuti cakudya cotentha cidzagwela m'mbale yakuda.

Madzi akumwa ndiwo njila yaikulu ya kolela ndi tayifodi. M'makomboni ambili zitsime zosazama zili pafupi ndi zimbudzi za maenje, ndipo mvula ikagwa ziwilizi zimakumana pansi pa nthaka. Si mwano kufunsa ngati madzi a m'jagi anawilitsidwa kapena anathilidwa klolini. Klolini imafuna mphindi 30 kuti igwile nchito. Munkoyo, thobwa ndi maheu a m'mabotolo otola angakhale ataphikidwa bwino, koma nkusungunulidwa ndi madzi osawilitsa kuti aculuke, ndipo botololo silidziwika kumene linatoledwa. Kuzizila sikupha tuzilombo, conco madzi oundana a m'tumapepala amene ana amakonda ali ndi ukhondo wa madzi amene anapangila, basi. Tiyi wowila ndi zipatso zimene munthu asenda yekha, monga nthochi ndi malalanje, nzosadetsa nkhawa.

Wophika ndi cimbudzi cake

Khichini ya lesitilanti siioneka, koma cimbudzi cimaoneka. Ngati cimbudzi ca alendo cilibe madzi ndi sopo, wophika naye alibe posamba akacoka kumeneko. Nchenche zimene zili kucimbudzi ndi zomwezo zili pa ndiwo zosavundikila. Pamenepa malo a mumsika ali ndi ubwino umodzi, wakuti zonse zimacitika pamaso pa wogula. Angaone ngati dzanja lolandila ndalama ndi lomwelo logwila vitumbuwa, ngati zala zili ndi cilonda ca mafinya, ngati mpeni wodulila nkhuku yaiwisi ndi womwewo wodulila matimati. Cilonda ca pa cala si nkhani yaing'ono: tuzilombo twa m'mafinya tumasiya m'cakudya poizoni wosanzitsa, ndipo nayenso safa ndi moto.

Pali anthu ena amene anadwala tayifodi nkucila, koma tuzilombo tunatsala m'thupi mwao. Amayenda, amaseka, amaphika, koma amafalitsa matenda osadziwa. Ndiye cifukwa cake malamulo a dziko, Public Health Act ndi Food Safety Act ya 2019, amapatsa a zaumoyo mphamvu yoyendela malo ogulitsa zakudya ndi kutseka auve. Malo odyela ayenela kukhala ndi cilolezo ca khonsolo, ndipo ogwila cakudya ayenela kupimidwa kucipatala nthawi ndi nthawi. Mwini malo woona mtima amapacika mapepalawa poonekela. Komabe pepala limanena za tsiku limene anayendela. Za lelo zimaoneka ndi maso.

Michopo ndi nyama ya nkhumba

Nyama yowocha ya pa mabala imadyedwa usiku, pa kuwala kocepa, ndi anthu amene mowa wawacotsa kale kusamala. Malasha akayaka kwambili nyama imapsa kunja, mkati ili yaiwisi. Kuno kum'mawa, kumene nkhumba zambili zimayenda zokha m'midzi, nkhaniyi ndi yaikulu. Nkhumba imene inadya zonyansa za munthu imakhala ndi tumatuza toyela, tonga njele za mpunga, m'minofu ndi pansi pa lilime. Wodya nyama yotele yosapsa amamela njoka yaitali m'matumbo. Coopsa kwambili cimabwela pambuyo pake: mazila a njokayo amatuluka ndi cimbudzi, ndipo akalowa mkamwa mwa munthu kudzela m'manja akuda kapena m'cakudya, angakapange matuza muubongo nkuyambitsa khunyu. Motelo ngakhale munthu wosadya nkhumba angadwale ngati womuphikila ali ndi njokayo ndipo sasamba m'manja. Nyama yogula pa bala ikhale yodulidwa mopyapyala, yopsa mpaka mkati, ndipo idyedwe ikangocoka pa moto.

Apaulendo a mu mseu wa Great East Road asamale mofananamo. Basi ikaima pa Luangwa Bridge, kumene kumatentha kwambili, nsomba yocoka m'mafuta nthawi yomweyo njabwino kuposa imene yakhala pa thebulo kudikila mabasi atatu. Ulendo ukali wautali, ndipo kutsegula m'mimba m'basi aliyense adziwa mmene kumacititsila manyazi.

Kodi wolakwa ndani?

Munthu akadwala amathamangila kunena malo amene anadyako komaliza, ndipo mbili yoipa imayenda msanga m'komboni. Nthawi zina amanamizila wosalakwa. Matenda alionse ali ndi nthawi yake. Kusanza koyamba patapita ola limodzi mpaka 6 kumaloza cakudya cimene wangodya. Kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi kocokela ku nkhuku kapena mazila kumayamba patapita maola 6 mpaka masiku atatu. Kolela ingatenge maola ocepa mpaka masiku 5. Tayifodi imabisala sabata imodzi mpaka atatu, ndipo matenda a ciwindi a cikasu ocokela ku cakudya amatenga masabata awili mpaka 6. Amene apezeka ndi tayifodi lelo sanaitenge ku nsima ya dzulo. Umboni wamphamvu ndi pamene anthu angapo amene anadya cinthu cimodzi, pa malo amodzi, adwala pa nthawi yofanana. Zikatelo nkhani ipite kwa a zaumoyo a pa kiliniki kapena ku khonsolo, osati kukatukwana pa khomo la mwini malo. Iwo ali ndi mphamvu yotenga cakudyaco kukaciyeza.

Kutsegula m'mimba kukayamba, cimene cimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Wodwala ayambe nthawi yomweyo kumwa Madzi a Moyo: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owilitsa kapena othila klolini. Paketi ikasowa, mu lita imodzi athile masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukila ndi theka la sipuni yaing'ono ya mcele. Amwe pang'ono pang'ono ngakhale akusanza, ndipo mwana woyamwa apitilize kuyamwa. Makapisozi ogula pa kantemba sabweza madzi otayika, ndipo amacedwetsa ulendo wa kucipatala.

Wodwala asagone kunyumba ngati cimbudzi cili camadzi ngati otsukila mpunga, ngati muli magazi, ngati maso alowa mkati ndipo mkodzo wasiya, ngati alephela kumwa, kapena ngati thupi lakhala lotentha masiku atatu. Mwana wamng'ono, mai wapakati, nkhalamba ndi munthu amene thupi lake ndi lofooka kale ndi matenda ena, awa apite msanga osadikila zizindikilo zonsezi. Kolela ingaphe munthu wamkulu wamphamvu tsiku lomwelo. Popita kucipatala anyamule botolo la Madzi a Moyo ndi kumamwa m'njila, ndipo womupelekeza akumbukile kuuza a cipatala kumene wodwalayo anadya ndi kumwa m'masiku 5 apitawo.