Phunzirani Chingerezi pogwiritsa ntchito nkhani za bajeti ya dziko

Chaka chilichonse nduna ya zachuma imaima m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe n'kuwerenga bajeti ya dziko m'Chingerezi, chifukwa ndicho chilankhulo chimene aphungu amakambiranira. Ambirife timangodikira kuti atolankhani atiuze ngati feteleza atsike mtengo kapena ngati msonkho wa pa malipiro wasintha. Koma kwa munthu amene akufuna kudziwa Chingerezi, kaya ndi mwana wa Fomu 3 kapena mayi wa pa golosale amene anasiya sukulu kalekale, nyengo ya bajeti ndi ya phindu lalikulu. Mawu ake ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, ndipo amamveka pa wailesi m'mawa, masana ndi usiku kwa milungu ingapo. Mawu amene mukukumana nawo kawirikawiri chonchi savuta kuwasunga.

Yambani ndi kudziwa nthawi yake. Kuyambira mu 2022, chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Kale chinkayamba mu July. Choncho bajeti imawerengedwa cha mu February kapena March, ndipo chaka chikafika pakati nduna imabweranso kudzaunika momwe ndalama zayendera. Mukaona polembedwa "2025/26 financial year" kapena "fiscal year", akunena chaka chimenechi.

Kachiwiri, imvani nkhaniyo m'Chichewa musanaigwire m'Chingerezi. Tcherani khutu ku MBC, Zodiak kapena Times, mumve zimene nduna yanena. Mawa lake pezani The Nation kapena The Daily Times, musankhe nkhani imodzi yokha ya bajeti. Poti mutu wake mwaudziwa kale, maganizo anu onse akhala pa mawu.

Iwerengeni nkhaniyo mpaka kumapeto osatsegula dikishonale. Mukabwereza kachiwiri, mutenge cholembera n'kudula mzere kunsi kwa mawu achilendo amene abwera kangapo. Musapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku. Wolemba mawu 40 tsiku limodzi amadzuka mawa atawaiwala onse, n'kugwa ulesi.

Mawu atatu ndiwo msana wa bajeti, ndipo pamenepa ndi pofunika kuchedwapo. "Revenue" ndi ndalama zimene boma limapeza, makamaka misonkho imene bungwe la Malawi Revenue Authority limatolera, monga VAT ya pa katundu wogula ndi PAYE yodulidwa pa malipiro. "Expenditure" ndi ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito. Zotuluka zikaposa zolowa, mpata umenewo ndi "deficit", ndipo boma limautseka pokongola. Zikatsalako, amati "surplus", koma mawu amenewa simudzawaona kawirikawiri m'nkhani za bajeti yathu. Pa atatuwa mungamangepo ena. "Recurrent expenditure" ndi zolipira za masiku onse, monga malipiro a aphunzitsi ndi anamwino. "Development expenditure" ndi za chitukuko, monga misewu, milatho ndi midadada ya sukulu. Samalaninso kusiyanitsa "grant" ndi "loan": yoyambayo ndi thandizo losabweza, inayo ndi ngongole yodzabweza ndi chiwongoladzanja. Munthu akasokoneza awiriwa akhoza kuombera m'manja ngongole imene adzukulu ake adzalipire.

Polemba m'kope lanu, musalembe liwu lokha ndi tanthauzo lake. Lembani chiganizo chonse chimene mwalipezamo, chifukwa mawu a Chingerezi amayenda ndi anzawo odziwika. Amati "collect revenue", "cut expenditure", "finance the deficit". Mukasunga mawuwo pamodzi ndi aneni awo, mudzatha kuwagwiritsa ntchito polankhula, osangoti kuwazindikira mukawaona.

Chenjerani ndi mawu amene mukuganiza kuti mumawadziwa kale, chifukwa ndi amene amapusitsa kwambiri. "Table" munaphunzira ku pulayimale kuti ndi tebulo, koma "to table the budget" ndi kupereka bajeti kwa aphungu kuti aikambirane. "Vote" si kuponya voti kokha. Mu bajeti ndi gawo la ndalama loperekedwa ku unduna kapena nthambi ya boma. "Interest" pano ndi chiwongoladzanja, "to service a debt" ndi kulipira ngongole pa nthawi yake, ndipo "Appropriation Bill" ndi bilu yopatsa boma chilolezo chogwiritsa ntchito ndalamazo aphungu akavomereza. Mawu otere apatseni tsamba lawolawo m'kope.

Kenako bwerani pa manambala. "Million" ali ndi maziro 6, "billion" 9, "trillion" 12. Bajeti ya 2025/26 inaposa K8 trillion, choncho muzolowere kuwerenga manambala aakuluwa mokweza mpaka lilime liwongoke. Tcheru chachikulu chikhale pa timawu tiwiri, "by" ndi "to". Nyuzipepala ikalemba kuti gawo la unduna wina "rose by K2 billion", ndiye kuti awonjezerapo K2 biliyoni pa zimene zinalipo. Ikalemba kuti "rose to K2 billion", ndiye kuti zonse pamodzi zafika pa K2 biliyoni. Kusiyana kwake ndi kwakukulu, koma ophunzira ambiri amangodumpha timawu timeneti.

Chitsanzo cha "by" chimene tonse tinachimva m'matumba ndi cha mu November 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha. Manyuzipepala analemba kuti kwacha "was devalued by 44 percent". "Devaluation" ndi pamene akuluakulu a zachuma alamula okha kuti ndalama itsike mphamvu poyerekeza ndi za kunja. "Inflation" ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu kumene mumakuona pogula shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Nazo "subsidy" mumazidziwa bwino: ndi pamene boma lilipira gawo la mtengo, ngati mmene limachitira pa feteleza wotsika mtengo.

Mawu amakhazikika mukawagwiritsa ntchito pa zanuzanu. Tengani pepala, mulembe bajeti ya pakhomo panu ya mwezi uno m'Chingerezi. Lembani "income" yanu, ndiko kuti zimene mumapeza, kenako "expenditure": lendi, ufa, fizi, mayunitsi a magetsi, thiransipoti. Ngati pali "deficit", lembani chiganizo chonena mmene muitsekere, kaya ndi "loan" ya ku banki m'khonde ndi "interest" yake. Werengerani mnzanu kapena mwana wanu ziganizozo mokweza, ndipo akufunseni mafunso.

Pomaliza, aphungu akayamba kukambirana bajeti, tsegulani wailesi kope lili m'manja, muzichonga liwu lililonse la m'kope mwanu mukalimva. Musadandaule ngati zina zikukudutsani. Gwirani zimene mwazidziwazo. Nkhani ya m'nyuzipepala ija iduleni, muimate m'kope, ndipo nduna ikadzabweranso pakati pa chaka mudzaiwerengenso pamodzi ndi yatsopanoyo, kuti muone mawu amene mwawagwira ndi amene akufunika kubwereza.