PHUNZIRO: KUKWERA KU DEDZA NDI KUKHALA M'NYUMBA YA LENDI

Mawu oyamba

Amayi anzathu, phunziro la mwezi uno likukhudza mabanja ambiri a kuno kuchigwa, ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Chaka ndi chaka ena mwa ife timasamukira ku Dedza boma. Ena bambo akunyumba awasinthira kumeneko pa ntchito, ena apeza malo pamsika, ena akutumiza mwana kusukulu. Tikafika timakumana ndi chinthu chimene kumudzi sitinachizolowere: kugona m'nyumba ya munthu wina n'kumalipira mwezi ndi mwezi.

Kumudzi nyumba ingakhale yaudzu ndi yathu. Ngakhale chaka cha njala, palibe amene amabwera kudzazula chitseko. Nyumba ya lendi ndi ina. Mavuto ambiri amene timakumana nawo amayamba tsiku loyamba lija, pamene tapereka ndalama tisanafunse kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Choncho mfundo ya phunziro lathu ndi imodzi: tione, tifunse, tigwirizane, ndipo ndalama zituluke pomaliza.

1. Tidziwe kumene tikupita

Ife ndi a ku Dedza boma tili m'boma limodzi, koma nyengo zathu ndi zosiyana. Nyanja yathu ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamene palekeza nyanja zikuluzikulu za mchere. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, patsinde pa phiri la Dedza lomwe nsonga yake imafika mamita 2,198. Ndiye kuti tikakwera Khwekhwerere kuchokera pa Golomoti, kukatulukira pa Masasa mumsewu wa M1 ndi kukhotera ku Dedza, timakhala takwera mamita oposa 1,000. Munthu akamakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse. N'chifukwa chake timanyamuka kuno thukuta lili kamukamu, koma pofika timafuna juzi.

Tauniyi ikukula. Kalembera wa 2008 anapeza anthu oposa 20,000, ndipo wa 2018 anapeza pafupifupi 31,000. Kuli maofesi a boma, chipatala cha boma, masukulu a sekondale, msika waukulu ndiponso chipata cholowera ku Mozambique. Zonsezi zimakoka anthu, ndipo aliyense akufuna pogona. Ofuna nyumba akachuluka, eni nyumba sanyengerera munthu. Apa m'pamene mlendo amapupuluma, n'kulipira nyumba imene sanaione bwino poopa kuti ena amulanda.

2. Tiione nyumba ndi maso athu

Tisalipire nyumba pa foni. Alipo anthu ena oyenda pakati, amene amati akatipezera nyumba n'kufuniratu yoonera. Ena ndi okhulupirika, ena ayi. Tisapereke lendi kwa munthu wotere tisanakumane ndi mwini wake weniweni, ndipo anthu oyandikana ndi nyumbayo atitsimikizire kuti ndi iyeyo.

Poona nyumba tisatengeke ndi penti yatsopano. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuno kwathu nyumba yabwino ndi yopita mphepo, ya mthunzi wa mtengo pakhomo. Kuphiri n'zosiyana: timafuna nyumba yosunga kutentha ndi yofika dzuwa. Tione zinthu izi:

Denga: Tiyang'ane malata tili m'kati masana. Paliponse pamene pakuoneka kuwala padzadontha. Nyumba ya siling'i imafunda kuposa yopanda siling'i.

Makoma ndi pansi: Tigwire khoma m'munsi ndi m'ngodya. Ngati pali chinyezi, pakuda, kapena penti ikusupuka, madzi amalowa. M'nyumba yotere ufa ndi zovala zimachita chuku, ndipo ana sasiya kutsokomola.

Malo: Nyumba zina zili potsetsereka. Tione kumene madzi a mvula ochokera kumtunda amadzera, komanso ngati pali ngalande kuseri kwa nyumba.

Madzi: Kodi ndi a mpopi wa Central Region Water Board, a pamjigo kapena a pachitsime? Ngati ndi chitsime, chatalikirana bwanji ndi chimbudzi? Chimbudzi chisakhale kumtunda kwa chitsime.

Chimbudzi ndi bafa: Ndi mabanja angati amene amalowamo? Kodi chili ndi chitseko chotsekeka? Kodi mwana wamkazi angapiteko usiku mosaopa?

Tikatha kuona, tipatuke pang'ono ndi kucheza ndi amayi apafupi pamene eni nyumba palibe. Tiwafunse kuti amene analimo anatulukiranji. Yankho la funso limeneli limatiuza zambiri kuposa zonse zimene taona.

3. Tigwirizane polemba

Ambiri timachita manyazi kupempha kuti zolankhula zilembedwe, poopa kuoneka ngati tikuwakayikira akuluakulu. Koma pepala silinyoza munthu. Limateteza ife, limatetezanso eni nyumba, makamaka wina akamwalira ndipo ana ake abwera ndi mawu ena. Sipafunika loya ayi. Pepala la m'kope ndi lokwanira, lilembedwe pawiri, aliyense asunge lake, ndipo pakhale mboni mbali zonse ziwiri. Palembedwe izi:

(a) Lendi ndi ndalama zingati pamwezi, ndipo tsiku lolipira ndi liti.

(b) Talipiriratu miyezi ingati. Eni nyumba ambiri amafuna miyezi itatu poyamba. Ngati pali ndalama ya chikole, ilembedwe payokha, ndipo zidziwike kuti idzabwezedwa liti.

(c) Notisi ndi yotalika bwanji. Chizolowezi pa nyumba yolipira pamwezi ndi kupatsana mwezi wathunthu, kaya ndife tikufuna kutuluka, kaya ndi iwo akufuna nyumba yawo kapena kukweza lendi.

(d) Wokonza zowonongeka ndani. Tikagula lata kapena loko ndi ndalama zathu, kodi adzatichotsera pa lendi? Tisakonze kanthu tisanamvane.

(e) Madzi ndi magetsi. Tilembe nambala imene mita ya madzi ikuonetsa tsiku lolowa, ndipo tione bilu yomaliza, kuti tisasenze ngongole ya amene anatuluka. Ngati mita ya ESCOM ndi imodzi pa mabanja angapo, tigwirizane kasonkhedwe ka ndalama ya mayunitsi, podziwa kuti wa babu limodzi sangafanane ndi wophikira magetsi.

(f) Zimene zinali zowonongeka kale, monga galasi losweka kapena simenti yokumbika.

Tikhale ndi kope la lendi. Nthawi iliyonse tikalipira, wolandira asaine. Tikatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga wake tisafufute. Pakabuka mkangano tiyambe ndi mboni zija, kenaka amfumu a deralo. Zikakanika, nkhani zotere zimapita kubwalo la majisitireti, ndipo osowa ndalama ya loya angafunse thandizo ku Legal Aid Bureau. Konseko adzatifunsa chinthu chimodzi: umboni uli kuti?

4. Tiwerengere ndalama tisanasamuke

Kutauni zinthu zimene kumudzi timangotola zimagulidwa: nkhuni, madzi, ndiwo zamasamba, ngakhale tsache. Malangizo athu ndi akuti pa K100 iliyonse yolowa m'nyumba, lendi isapitirire K30. Ikapitirira pamenepo, chimene chimachepa ndi chakudya cha ana. Kuli bwino kuyamba ndi chipinda ndi balaza, kusiyana ndi kulowa nyumba yaikulu n'kutulukamo mwamanyazi patatha miyezi itatu.

Tikumbukenso kuti mitengo siima malo amodzi. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zikatere simenti ndi malata zimakwera, ndipo lendi imatsatira pambuyo. Banja lanzeru limasunga ya mwezi umodzi pambali, kaya kubanki mkhonde kaya mu foni. Tisalipire lendi ndi katapila, chifukwa mwezi wotsatira tidzakhala ndi angongole awiri m'malo mwa mmodzi.

Ife akuchigwa tili ndi mwayi umene ena alibe. Tili ndi mpunga wa ku Bwanje, usipa ndi utaka, malambe ndi bwemba, zimene kumtunda amazifuna. Iwo ali ndi kachewere, nyemba, kabichi ndi tomato zimene kuno timazifuna. Mayi amene sanataye munda wake ndi abale ake kumudzi amatha kupezerapo ya lendi. Choncho tisagulitse munda kuti tikalipire nyumba ya eni. Ntchito imatha, geni imagwa, koma munda umadikira mwini wake.

Bambo ndi mayi onse adziwe za lendi ndi pamene pali mapepala. Si bwino kuti mayi adzamve kwa eni nyumba kuti papita miyezi itatu osalipira.

5. Kuzizira ndi umoyo wa banja

Mu Juni ndi Julayi usiku wa ku Dedza umazizira kwambiri, ndipo m'mawa wina kumacha ndi chifunga. Tiguliretu mabulangete, majuzi, zipewa ndi masokosi a ana nyengoyi isanafike, pamene pakaunjika mitengo isanakwere.

Pano tichenjezane kwambiri. Kukazizira, munthu amafuna kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, n'kugona. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo ogona amatha kupitirira osadzuka, banja lonse usiku umodzi. Mbaula izituluka panja tisanagone, ngakhale makala akuoneka ngati azima. Tikapeza munthu wakomoka m'chipinda muli mbaula, titsegule zitseko ndi mawindo, timutulutsire panja, ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Tiyang'anirenso ana aang'ono. Mwana akamatsokomola, kupuma mofulumira, ndipo pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamapuma, chingakhale chibayo. Tisadikire kuti kuche kawiri. Posamuka tisaiwale mabuku a kusikelo ndi a kuchipatala, ndipo amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku atenge kalata kuchipatala chawo kuti akapitirize kulandira kumeneko.

Udzudzu kuphiri ndi wochepa poyerekeza ndi kuno, koma malungo aliko. Neti tipite nayo, ndipo pobwera kudzacheza kumudzi ana azigona m'neti usiku uliwonse.

6. Kukhala ndi anzathu pamdadada

Pamdadada timakumana ndi anthu a mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo chingwe choyanikapo, mpopi ndi chimbudzi n'zimodzi. Mikangano yambiri ya amayi imayambira pa zinthu zitatu: ana, madzi otayidwa pakhomo pa wina, ndi kukolopa kuchimbudzi. Tigawane masiku a ntchito poyera. Pakhale chotsekera pachimbudzi ndi posamba m'manja. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matenda otere sasankha kuti uyu ndi waukhondo ngati chimbudzi ndi chimodzi.

Nyumba ya eni tiisamale ngati yathu. Tikaona kuti mwezi uno tichedwa kulipira, tipite tokha kwa eni nyumba tsiku lisanafike. Ambiri mwa iwo si olemera. Ena ndi amayi amasiye ndi opuma pantchito amene lendi yathuyo ndiyo chakudya chawo. Kuzemba ndi kuzimitsa foni kumaononga mbiri yathu ndi ya anzathu ochokera kuno amene adzafune nyumba pambuyo pathu. Tisaiwalenso kutenga kalata kwa abambo wansembe posamuka, kuti amayi akumeneko atilandire. Mlendo wodziwika sasowa womuuza kumene kuli nyumba yabwino.

7. Mwana wamkazi wokhala yekha

Ena mwa ife sitisamuka, koma timachitira lendi mwana amene wasankhidwa kusukulu yoyendera ya kutali. Dera lathu lino linadziwika dziko lonse chifukwa cha malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera atsikana kusukulu. Ntchito imeneyo ingaonongekere m'kachipinda ka lendi ngati makolo tigona tulo. Mtsikana amene ufa wamuthera, ndipo eni nyumba ali pakhomo, amamvera aliyense womuonetsa ndalama.

Choncho chipindacho tikachione tokha. Lendi tizipereka kwa eni nyumba mwachindunji. Mwana akhale ndi atsikana anzake, pakhomo pamene pali mayi wamkulu wodalirika. Chitseko chikhale chokhomeka m'kati. Tizipitako mosamuuza, ndipo aphunzitsi adziwe kumene akugona.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi zinthu ziti zimene kuno kuchigwa sitiziganizira poona nyumba, koma kuphiri n'zofunika?

2. N'chifukwa chiyani timaopa kupempha kuti mgwirizano ulembedwe? Tingapemphe ndi mawu otani aulemu?

3. Ena mwa ife tili ndi nyumba za lendi pa Golomoti kapena pa Mtakataka. Kodi anthu okhalamo timawasunga monga mmene ife tingafunire kusungidwa ku Dedza?

4. Ndi atsikana angati a m'dera lathu amene akukhala okha chifukwa cha sukulu, ndipo anawayendera komaliza ndani?

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse lilembe chitsanzo cha mgwirizano wa lendi potsata mfundo (a) mpaka (f), ndipo mlembi achisunge m'buku la gulu, kuti mayi aliyense amene akusamuka akopere asananyamuke. Amayi awiri asankhidwenso oti akayendere atsikana athu a m'nyumba za lendi teremu ino isanathe, ndipo adzatiuze zimene apeza pa msonkhano wotsatira.