Mutu wa Sitima Wotchedwa Flying Scotsman

Kale sitima za pamtunda zinkayenda ndi mphamvu ya nthunzi. Kumutu kwa sitima kunkakhala ng'anjo ya malasha yowiritsa madzi, ndipo nthunzi yake ndiyo inkakankha zitsulo zozunguza magudumu. Umodzi mwa mitu ya sitima yotchuka kwambiri ndi Flying Scotsman wa ku Britain.

Mutuwu unapangidwa mu 1923 m'tauni ya Doncaster, motsogozedwa ndi mmisiri wina dzina lake Nigel Gresley. Ntchito yake inali kukoka mabogi a anthu kuchokera ku London kupita ku Edinburgh, mtunda wa makilomita 631.

Ulendowu unali wautali, kotero kuti sitima zinkaima panjira. Madzi ankatha ndipo antchito ankatopa. Tsono amisiri anapeza nzeru. Ngolo ya kumbuyo kwa mutu anaikulitsa kuti izinyamula matani 9 a malasha. M'ngolomo anasiyamo kampata kopapatiza kodzera anthu. Pakati pa ulendo, woyendetsa wina ndi wosonkhezera moto wina ankadzera m'kampatako kudzalandira anzawo sitima ili pa liwiro. Madzi ankawatunga m'ngalande zazitali zimene zinali pakati pa njanji, sitima ikuyendabe.

Pa 1 Meyi 1928, Flying Scotsman anayenda ulendo wonsewo osaima, ndipo anafika patapita maola 8. Ntchito ya wosonkhezera moto inali yakalavulagaga. Iye ankaponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo, thukuta lili kamukamu, pakuti moto ukazilala liwiro nalo linkachepa. Pa 30 Novembala 1934, mutuwu unathamanga makilomita 161 pa ola, woyendetsa wake ali William Sparshatt.

Patapita zaka, kunabwera mitu yoyendera dizilo ndi magetsi, imene sinkafuna ntchito yambiri. Mitu ya nthunzi anayamba kuiphwanya kuti asungunule zitsulo zake. Flying Scotsman anapuma pa ntchito mu 1963 atayenda makilomita oposa 3 miliyoni, ndipo nayenso akadaphwanyidwa. Mwamwayi, munthu wina wamalonda, Alan Pegler, anamugula ndi mapaundi 3,000. Mu 1969 anapita naye ku America kukamuonetsa, koma kumeneko ndalama zinamuthera. William McAlpine ndiye anamuwombola nabwerera naye kwawo mu 1973.

Ngakhale anali atakalamba, mphamvu anali nazobe. Ali ku Australia mu 1989, anayenda makilomita 679 osaima. Mu 2004 anagulidwa ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale za njanji ya mumzinda wa York. Amisiri anamukonza kwa zaka khumi, ndipo anayambanso kuyenda mu 2016. Mu 2023 anakwanitsa zaka 100. Mitu inzake yambiri inatha kalekale, koma uwu unapulumuka chifukwa panapezeka anthu ousamala.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi sitima zakale zinkayenda ndi mphamvu yanji?
2. Fotokozani nzeru zitatu zimene zinathandiza kuti sitima isaime panjira.
3. N'chifukwa chiyani mitu ya nthunzi inkaphwanyidwa?
4. Tchulani anthu awiri amene anapulumutsa Flying Scotsman.

Pangani ziganizo ndi mawu awa

ng'anjo, kampata, kuzilala, kuwombola, kalavulagaga