Kudziwa polekezera: malangizo kwa opanga mafilimu omwe diso lawo siliphonya kacholakwika

M'chipinda chodulira filimu, usiku utapita ndithu, mumapezeka munthu amene watha maola atatu pa masekondi anayi okha. Akuchotsa kachithunzi kamodzi, akukabwezera, akukachotsanso. Pa sekondi iliyonse ya filimu pamadutsa zithunzi 24, ndipo iye akuona kusiyana kwa kamodzi kokhako, kumene woonera sadzakuzindikira n'komwe. Wokonza mawu akudikira, wokonza mitundu akudikira, mwini ndalama waimba foni mpaka watopa.

Ena mwa anthu otere ubongo wawo umayenda mosiyana ndi wa anzawo: ali ndi ADHD, autism kapena dyslexia. M'ntchito ya mafilimu alimo, ndipo ena ndi akatakwe. Steven Spielberg anadziwa kuti ali ndi dyslexia ali ndi zaka pafupifupi 60. Daniel Kwan anazindikira za ADHD yake pofufuza zoti alembe mu Everything Everywhere All at Once, filimu imene inatenga mphoto 7 za Oscar mu 2023. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, diso lanu loona timbali ting'onoting'ono ndi limene anakulemberani ntchito, musalide. Chokuvutani ndi kudziwa polekezera, ndipo mukakhala mkati mwa ntchito simungapapeze m'mutu mwanu. Muyenera kupaika kunja, ntchito isanayambe.

Yambani ndi kudziwa chimene chikukukankhani. Mwana amene wakula akumva kuti "ndiwe wosasamala" kapena "mutu wako uli kuti?" amaphunzira kuona chinthu kakhumi asanachipereke, ndipo amakula nacho chizolowezicho. Mu 2002, akatswiri a zamaganizo a ku Oxford, Roz Shafran, Zafra Cooper ndi Christopher Fairburn, analongosola vutoli motere: munthu amadziona wofunika pokhapokha akafikira muyezo wapamwamba umene wadziikira, ndipo akaufikira amati unali wotsika, n'kuukwezanso. Kwa sabata imodzi, khalani ndi kabuku pafupi. Mukangoona kuti mwakakamira pamalo amodzi kupitirira theka la ola, lembani malowo, kenako yankhani funso limodzi: ndikukonza filimuyi, kapena ndikuthawa kudzudzulidwa? Yankho limasiyana tsiku ndi tsiku, koma pakutha pa sabata mudzaona pamene mantha amakonda kukugwirirani.

Chachiwiri, musayambe ntchito musanamve bwino kuti kutha kwake kukuoneka bwanji. Dairekita akati "ingopangani kuti ikome," kwa ena ndi ufulu, koma kwa munthu wa autism kapena ADHD mawu amenewa ndi chitseko cha usiku wosagona, chifukwa kukoma kulibe malire. Funsani mafunso okhala ndi mayankho ogwirika. Gawoli likhale la mphindi zingati? Kope loyamba aonera ndani, dairekita yekha kapena eni ndalama? Mawu akhale oyeretsa kale kapena angomveka? Mukulifuna tsiku liti, nthawi yanji? Pemphani kuti mayankho abwere molemba, ngakhale pa WhatsApp, ndipo muwamate pambali pa kompyuta. Zikakwanira zimene zalembedwazo, tumizani, ngakhale mtima ukukana.

Tsopano tifike pa chida chimene ndimachiona chothandiza kuposa zonse. Walter Murch, mkonzi wa mafilimu amene anagwira nawo Apocalypse Now ya mu 1979, anasanja m'buku lake la In the Blink of an Eye zinthu zisanu ndi chimodzi zoganizira podula filimu, ndipo chilichonse anachipatsa kulemera kwake. Mmene woonera akumvera mumtima anakupatsa 51 pa 100. Kupita patsogolo kwa nkhani, 23. Kayendedwe ka filimu, kuti ikufulumira ndi kudekha pamalo pake, 10. Kumene diso la woonera lili pa sikirini, 7. Ziwiri zotsalazo, zokhudza kuima kwa kamera ndi kugwirizana kwa malo amene ochita sewero aima, anazipatsa 5 ndi 4 basi. Malangizo ake ndi oti ngati simungakwanitse zonse, yambani kutaya za pansi.

Taonani mmene izi zimakumasulirani. Tinene kuti muli ndi kujambula kuwiri kwa mayi amene akumva za imfa ya mwana wake. Koyamba zonse zili m'malo: kapu ili m'dzanja lamanja monga pa chithunzi chapitacho, mpango uli pomwe unali, koma nkhope yake ndi youma. Kwachiwiri kapu yasamukira kumanzere, koma mlomo wake wam'munsi ukunjenjemera ndipo akumeza malovu asanayankhule. Diso lanu lidzathamangira pa kapu, ndipo kapuyo idzakupwetekani nthawi iliyonse mukaiona. Komatu kapu ili pa 4, mlomo uli pa 51. Tengani kwachiwiri. Ubongo umene umaona zolakwika zonse nthawi imodzi umazimva ngati zolemera mofanana, ndiye manambalawa amauthandiza kuziika pa sikelo. Cholakwika chilichonse chimene mwapeza, chifunseni kuti chili pa mzere uti. Za mizere iwiri yapamwamba, limbanani nazo mpaka zitheke. Za pansi, zipatseni mphindi khumi, zikakana zisiyeni. Wosankha nyemba imodziimodzi mpaka moto kuzima amagonetsa ana ndi njala.

Pamalo ojambulira nkhani ndi ina, chifukwa kumeneko kukakamira kwanu amalipira ndi anthu ena. Mudzamva za David Fincher, amene gawo loyamba la The Social Network ya mu 2010 analijambula ka 99. Iye anali ndi ndalama ndi masiku okonzedweratu kaamba ka kachitidwe kameneko. Clint Eastwood amadziwika ndi kujambula kamodzi kapena kawiri n'kupitirira, ndipo naye mphoto za Oscar ali nazo. Kuno kwathu, komwe kamera ndi yobwereka, jenereta ikumwa mafuta, ndipo ochita sewero ena mawa ali kuntchito zawo, dzuwa likapendeka lapendeka. Gwirizanani m'mawa ndi wothandizira wanu: gawo lililonse katatu, ndipo kachinayi pokhapokha mutatchula ndi pakamwa chimene mukufuna chisinthe. Mukalephera kuchitchula, ndiye kuti mukusaka mtendere wa mumtima, ndipo kamera siingakupatseni umenewo.

Kumbukiraninso kuti zimene zakanika sizimaononga filimu nthawi zonse. Pojambula Jaws ya mu 1975 ku Martha's Vineyard, shaki yamakina inkangowonongeka m'madzi amchere, ndipo ntchito ya masiku 55 inatenga masiku 159. Spielberg, dairekita wake, anakakamizika kuibisa shakiyo. Oonera ankaona migolo yachikasu ikuthamanga pamwamba pa madzi, akumva nyimbo ya John Williams, ndipo mantha awo anakula chifukwa chosachiona chilombocho. Verna Fields, amene anadula filimuyo, analandira Oscar.

Kenako zolowerani kuonetsa ntchito isanakhwime. Ku Pixar ali ndi kagulu kotchedwa Braintrust kamene kamaonera filimu ikadali mbwerekete, mobwerezabwereza, ndipo Ed Catmull, mmodzi mwa oyambitsa kampaniyo, sanabise kuti mafilimu awo onse amayamba ali oipa. Inu pezani anthu awiri owakhulupirira. Musawafunse ngati yakoma. Afunseni pamene anayamba kutopa, ndi pamene sanamvetse. Ngati kudzudzulidwa kumakulasani kwambiri, monga zimakhalira ndi ambiri a ADHD, musayankhe pomwepo. Lembani zonse, thokozani, kagoneni. Mawa lake muziwerenge ngati mndandanda wa ntchito, ndipo mudzapeza kuti zina zimene dzulo zinamveka ngati chigamulo pa moyo wanu ndi za mphindi zisanu.

Za nthawi ndinene mwachidule. Mukamira m'ntchito, maola amatha osawamva, choncho alamu ikhale kutali, yoti muchite kuimirira kuti muizimitse. Musanasinthe gawo limene lili bwino kale, sungani kope lake ndi deti, kuti kubwerera kukhale kosavuta ndipo mantha otaya chabwino achepe. Idyani, imwani madzi. Gawo lodulidwa 3 koloko m'mawa muli ndi njala, nthawi zambiri mumalibwezanso kukacha.

Chotsatira n'cholimba, koma chitani: perekani kwa munthu wina mphamvu yonena kuti basi. Akhale pulojusa, dairekita kapena mnzanu, mugwirizane tsiku la picture lock, pamene zithunzi zimatsekedwa kuti a mawu, a nyimbo ndi a mitundu ayambe yawo. Mukasuntha kachithunzi kamodzi tsikulo litadutsa, mwasokoneza ntchito ya anthu onsewo. Zolakwika zotsala, zomwe mudzazionabe ndithu, zilembeni papepala lapadera la zophunzira za filimu yotsatira. Ubongo umavomera kusiya chinthu ukadziwa kuti chasungidwa penapake.

Pali malire amene malangizowa sangadutse. Ngati kuonanso ntchito kwafika pokulandani tulo masabata, kapena mukukana ntchito poopa kulakwitsa, kapena mukumva kuti mukapanda kubwereza chinachake choopsa chichitika, kaonaneni ndi katswiri wa zamaganizo. Chithandizo cha zamaganizo chotchedwa CBT chimagwiritsidwa ntchito pa vuto lomweli. Musachite manyazi. Kafukufuku wa Looking Glass amene bungwe la Film and TV Charity ku Britain linatulutsa mu 2020 anapeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 alionse amene anayankha anakumanapo ndi vuto la maganizo. Amene mukugwira ntchito ku Britain, lamulo la Equality Act 2010 limalamula olemba ntchito kusintha zina moyenera kwa wantchito amene vuto lake likuwerengedwa ngati ulumali. Kwina kulikonse, simukakamizidwa kuulula dzina la vuto lanu kuti mupemphe chokuthandizani. N'zokwanira kuuza pulojusa tsiku loyamba kuti: "Bwana, ine ndimagwira bwino mukandipatsa zofunika molemba, tsiku lenileni lomalizira, ndi munthu mmodzi yekha wondiuza zosintha."