Phunziro la sayansi: kandodo kolamulira makina, ndi chifukwa chake galimoto idakali ndi chiwongolero

Ophunzira athu, makolo ndi akuluakulu a komiti, phunziro la sayansi la ulendo uno likukhudza kachipangizo kamene ambiri tinakaonapo koma sitinakaganizire bwinobwino. Ndi kandodo kamene munthu amakankha ndi dzanja kapena chala chachikulu pofuna kuti makina apite uku kapena uko. Dzina lake lodziwika ndi joystick, koma ife tizingoti kandodo. Timakapeza pa chipangizo chochitira magemu, pa njinga yamagetsi ya munthu waulumali, m'makina okumba pomanga misewu, ngakhalenso m'ndege zonyamula anthu mazana.

Funso lathu ndi ili: ngati kandodo kangathe kuyendetsa ndege yaikulu, n'chifukwa chiyani galimoto zimene timakwera tsiku ndi tsiku zidakali ndi chiwongolero chozungulira? Yankho lake lili m'masamu ndi m'sayansi imene timaphunzira m'kalasi, ndipo likutiphunzitsa mfundo imodzi: sikokwanira kuti dzanja lizilamula makina, makinawo ayeneranso kumauza dzanja zimene zikuchitika.

Zimene zili mkati mwa kandodo

Tindodo toyambirira ta magemu tinali tosavuta. Ka Atari 2600, kamene kanatuluka mu 1977, kanali ndi maswichi anayi pansi pake: lakutsogolo, lakumbuyo, lakumanzere ndi lakumanja. Swichi imangodziwa zinthu ziwiri, kuyaka kapena kuzima. Choncho munthu akakankha pang'ono kapena kwambiri, makina ankamva chimodzimodzi.

Tindodo tambiri ta masiku ano timayeza kuti mwakankha mpaka pati. M'magemu, mtundu umenewu unafala Nintendo 64 itatuluka mu 1996 komanso DualShock ya Sony mu 1997. Tambiri mwa tindodo totere tili ndi kachipangizo kotchedwa potentiometer, kofanana ndi kamene kali kuseri kwa kabatani kozungulira kokwezera mawu pa wailesi. Mkati mwake muli kamzere ka kaboni, ndipo kachitsulo kakang'ono kamayenda kakukhudza kamzereko.

Tiyerekeze kuti mbali imodzi ya kamzereko ili ndi mphamvu ya magetsi ya 5 V ndipo mbali inayo ili pa 0 V. Kachitsulo kaja kakakhala pakati, kamawerenga 2.5 V. Mukakankha kandodo mbali imodzi, nambalayo imakwera kulowera ku 5. Mukakankha mbali inayo, imatsika kulowera ku 0. Tizipangizo totere timakhala tiwiri, kena koyeza kumanzere ndi kumanja, kena koyeza kutsogolo ndi kumbuyo. Amene mumajambula magirafu m'masamu mwazindikira kale kuti awa ndi x ndi y. Kompyuta imasandutsa mphamvu yamagetsiyo kukhala nambala. Mwachitsanzo, pa tikompyuta ta Arduino Uno manambalawa amayambira pa 0 kufika pa 1023, ndiye kuti pakati ndi cha m'ma 512. Mukasiya kandodo, sipuling'i imakabwezera pakati.

Vuto n'lakuti zinthu ziwiri zikamakhudzana nthawi zonse, zimaperepeseka. Kaboni akadyeka kapena fumbi likalowa, kompyuta imaona ngati mwakankha pamene simunakhudze n'komwe, ndipo chithunzi pa sikirini chimayamba kuyenda chokha. Akatswiri amachepetsa vutoli m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuuza kompyuta kuti isamalabadire manambala oyandikana kwambiri ndi pakati. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito maginito. Mu 1879 Edwin Hall wa ku America anapeza kuti maginito akayandikira chitsulo chimene mukudutsa magetsi, m'mbali mwa chitsulocho mumabadwa kamphamvu ka magetsi kamene tingathe kukayeza. Kandodo kopangidwa motere kamasuntha maginito pafupi ndi choyezera popanda kukhudzana, choncho sikaperepeseka msanga.

Kandodo m'ndege

Kandodo sikanayambire m'magemu ayi, kanayambira m'ndege. Robert Esnault-Pelterie wa ku France anali mmodzi mwa oyamba kukagwiritsa ntchito cha m'ma 1907, ndipo Louis Blériot atawoloka nyanja yapakati pa France ndi England mu 1909, ndege yake inkawongoleredwa ndi ndodo. Nthawi imeneyo ndodoyo inkalumikizidwa ndi nthambo zachitsulo ku mapiko ndi kumchira. Mphepo ikamakankha mapiko mwamphamvu, ndodo inkalimba m'manja mwa woyendetsa. Ankaidziwa ndege yake kudzera m'dzanja, ngati mmene wopalasa njinga amadziwira kuti walowa mumchenga asanayang'ane pansi.

Kenako nthambo zachitsulo zinayamba kulowedwa m'malo ndi mawaya amagetsi. Ndege yankhondo ya F-16, imene inauluka koyamba mu 1974, poyamba inali ndi kandodo kosasuntha n'komwe, kongoyeza mphamvu ya dzanja. Oyendetsa anavutika nako chifukwa sankadziwa kuti akankha mochuluka bwanji, mpaka opanga anakasintha kuti kazigwedezeka pang'ono. Mu 1988 ndege yonyamula anthu ya Airbus A320 inayamba ntchito ili ndi kandodo m'mbali mwa mpando wa woyendetsa aliyense. Kandodoka kamangotumiza uthenga ku makompyuta, ndipo makompyutawo ndi amene amasuntha mapiko. Ubwino wake ndi waukulu: ndege imapepuka, ndipo makompyuta akamagwira ntchito bwino amakana lamulo limene lingaike ndege pangozi.

Koma tindodo tiwiri ta Airbus sitinalumikizidwe. Woyendetsa mmodzi akakoka kake, ka mnzake kamangokhala chete. Onse akakankha nthawi imodzi, kompyuta imaphatikiza malamulo awiriwo n'kuwachenjeza. Kampani ya Boeing inasankha njira ina: ziwongolero za oyendetsa awiri zimayendera limodzi, kotero wina akakoka, mnzake amamva m'manja.

Pa 1 June 2009 ndege ya Air France nambala 447, ya mtundu wa Airbus A330, inagwera m'nyanja ya Atlantic ikuchokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris. Anthu onse 228 anamwalira. Timapaipi toyezera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, ndipo makina oyendetsa ndege paokha anazima. Mmodzi mwa oyendetsa anakokera kandodo kumbuyo, ndege inakweza mphuno kwambiri mpaka mapiko analephera kuinyamula, ndipo inayamba kugwa. Zikatero, chofunika n'kutsitsa mphuno kuti ndege ipezenso liwiro. Koma iye nthawi zambiri ankakokabe kumbuyo, ndipo anzake anazindikira zimenezi mochedwa. Lipoti la ofufuza a ku France la mu 2012 linatchula zifukwa zingapo, kuphatikizapo maphunziro a oyendetsa, kusamvetsa chimene chinkachitika, ndiponso kusagwirizana bwino kwa anthu a kutsogoloko. Sitinganene kuti kandodo kokha ndi kamene kanagwetsa ndegeyo. Komabe ngoziyi ikutisonyeza kuti pamene dzanja silingamve zimene mnzathu akuchita, pakamwa payenera kugwira ntchito ya dzanjalo: munthu azinena momveka zimene akuchita.

Nanga galimoto?

Ambiri angadabwe kumva kuti galimoto zoyambirira zinalibe chiwongolero chozungulira. Galimoto ya Carl Benz ya mu 1886 inkawongoleredwa ndi chogwirira chopindika chimene munthu ankachikhotetsa ndi dzanja limodzi. Mu 1894 Alfred Vacheron analowa mpikisano wochokera ku Paris kupita ku Rouen ndi galimoto ya Panhard yokhala ndi chiwongolero chozungulira, ndipo patangopita zaka zochepa opanga galimoto ambiri anatengera njira imeneyi.

Kuyambira pamenepo makampani akhala akuyesa kubwezeretsa ndodo. General Motors inaonetsa galimoto ya Firebird III kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 yoyendetsedwa ndi kandodo kamodzi. Saab ya ku Sweden inayesa kandodo pa galimoto ya Saab 9000 mu 1992. Mercedes-Benz inaonetsa F 200 Imagination mu 1996, nayonso ya tindodo. Zonsezi zinathera pa zionetsero ndi pa kafukufuku, sizinafike pogulitsidwa kwa anthu wamba.

Chifukwa choyamba ndi masamu. Tiyerekeze galimoto imene chiwongolero chake chimazungulira kawiri ndi theka kuchokera kumapeto a kumanzere kufika kumapeto a kumanja. Amenewa ndi madigiri 900, kapena kuti 450 mbali iliyonse. Matayala akutsogolo akamakhota madigiri 30 mbali iliyonse, ndiye kuti 450 ÷ 30 = 15. Dzanja liyenera kuyenda madigiri 15 kuti tayala likhote digiri imodzi. Tsopano tichotse chiwongolerocho n'kuikapo kandodo kopendekeka madigiri 30 mbali iliyonse. Apa digiri imodzi ya dzanja ndi digiri imodzi ya tayala. Kulakwitsa kulikonse kwakula ka 15.

Onjezanipo liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita 100,000 m'masekondi 3,600, amene ndi pafupifupi mamita 28 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akangoyetsemula kapena kugunda dzenje, dzanja n'kugwedezeka pang'ono, galimotoyo ikhoza kukhala italowa kale mbali ya anzake. Ndege ili m'mwamba imakhala ndi malo ambiri okonzera cholakwa, pamene pamsewu galimoto zimaphonyana motalikirana mamita awiri kapena atatu okha. Akatswiri angathe kuuza kompyuta kuti ichepetse mphamvu ya kandodo liwiro likakwera, koma zikatero kukankha kofanana kumabweretsa zotsatira zosiyana, ndipo dalaivala ayenera kuphunziranso mwatsopano.

Chifukwa chachiwiri ndi mfundo yathu ija. Funsani dalaivala aliyense wa minibasi: chiwongolero chimamuuza zambiri. Chikamakokera mbali imodzi, amadziwa kuti mwina tayala laphwa. Chikapepuka mwadzidzidzi nthawi yamvula, amadziwa kuti matayala asiya kugwira msewu. Chimamupatsanso pogwira ndi manja awiri galimoto ikamagwedezeka. Kandodo kamagetsi sikangauze dzanja zonsezi pokhapokha opanga ataikamo timamota tokankha dzanja mongoyerekezera.

Kumene kandodo kamapambana

Tisaganize kuti kandodo n'kachabe. Pali ntchito zimene chiwongolero sichingagwire. Munthu amene manja ake alibe mphamvu yopalasa njinga ya aulumali amatha kuyenda yekha ndi njinga yamagetsi pogwiritsa ntchito zala zokha. Njingayo imayenda pang'onopang'ono, choncho akalakwitsa amakhala ndi nthawi yokonza. Ku Germany kampani ya Paravan imasintha galimoto kuti anthu amene sangathe kugwira chiwongolero aziyendetsa ndi kandodo. Kwa munthu wotere, kachipangizoka ndi kamene kamamufikitsa kuntchito popanda kudikira womunyamula.

Makina okumba ali ndi tindodo tiwiri chifukwa pali zinthu zinayi zoti zisunthe. Pa dongosolo lotchedwa ISO, dzanja lamanzere limazunguliza makinawo ndi kutambasula kapena kupinda mkono wakutsogolo, pamene lamanja limakweza kapena kutsitsa mkono waukulu ndi kutsekula kapena kutseka chotapira dothi. Pali dongosolo lina lotchedwa SAE limene limasinthanitsa ntchito za mikono iwiriyo. Woyendetsa wozolowera dongosolo limodzi akakwera makina a dongosolo linalo osafufuza, akhoza kutsitsira mkono waukulu pa anthu amene ali m'ngalande. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amayamba wayesa tindodo pamalo opanda anthu.

Chitsanzo chomaliza chili kwathu konkuno. Mu 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu dera loyeserako ndege zazing'ono zopanda munthu, zotchedwa ma drone, pa ntchito zothandiza anthu monga kunyamula zinthu zachipatala. Mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Drone ikamayendetsedwa pamanja, pamakhala tindodo tiwiri. Pa dongosolo lofala kwambiri, kakumanzere kamaikweza, kuitsitsa ndi kuitembenuza, pamene kakumanja kamaipititsa kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Woyendetsa ali pansi, samva mphepo imene ikukankha ndegeyo, ndiye amadalira maso ndi manambala a pa sikirini. Zala zozolowera magemu zingathandize poyambira, koma wosadziwa kuwerenga manambalawo, mapu ndi nyengo sapita nayo patali. Komanso gemu ikavuta timayambiranso, pamene drone ikagwera padenga la munthu palibe kuyambiranso.

Zoti tichite

Choyamba, tengani pepala ndi pensulo yofewa. Jambulani mzere wonenepa wotalika masentimita 10, n'kuupaka mobwerezabwereza mpaka ude bii. Mtima wa pensulo uli ndi kaboni, choncho magetsi amadutsamo. Ikani waya umodzi wa multimeter kumapeto kwa mzerewo, ndipo winawo muziuyendetsa pang'onopang'ono pamzerepo. Lembani zimene mukuwerenga pa sentimita iliyonse n'kujambula girafu. Mwapanga potentiometer yanu. Kenako yendetsani wayawo maulendo ambiri pamalo amodzi, muone chimene chikuchitikira manambala.

Chachiwiri, yankhani mafunso awa m'makope anu:

1. Kandodo kali pa 5 V ndipo kompyuta ikuwerenga kuyambira 0 mpaka 1023. Ngati ikuonetsa 768, mphamvu yamagetsi ndi pafupifupi yochuluka bwanji?

2. Chiwongolero china chimazungulira katatu kuchokera kumapeto ena kufika kumapeto ena, ndipo matayala amakhota madigiri 36 mbali iliyonse. Dzanja liyende madigiri angati kuti tayala likhote digiri imodzi?

3. Galimoto ikuthamanga makilomita 60 pa ola. Imayenda mamita angati dalaivala akayang'ana foni kwa masekondi 3?

4. Fotokozani m'mawu anu chifukwa chake kandodo n'koyenera pa njinga yamagetsi ya munthu waulumali koma n'kovuta pa galimoto yothamanga.

Makolo ndi akuluakulu amene mumayendetsa galimoto, mathirakitala kapena makina okumba, tikupempha kuti muwafotokozere anawa zimene chiwongolero kapena ndodo imakuuzani m'manja mukakhala pantchito. Zimenezo m'mabuku mulibe. Ophunzira mulembe zimene mwamvazo pamodzi ndi mayankho anu, ndipo mubwere nazo tikadzakumana m'kalasi ya sayansi sabata yamawa.