Malangizo: Dzina la pa Paketi Lisakunamizeni

Abale athu amene mukuthyola tiyi ku Honde Valley ndi ku Chipinge, kaya makolo anu anachokera ku Mulanje kapena ku Thyolo, lero tikambe za masamba a tiyi amene timagula m'sitolo.

Mayi wina aima pa shelefu, dzanja lina Tanganda, lina Stella, akusinkhasinkha kuti wabwino ndi uti. Amayi, onsewo ndi ana a nyumba imodzi, kampani ya Tanganda ya minda ya ku Chipinge ija. Three Leaves ndiye wa eni ena, a Ariston, amene ali ndi munda wa Southdown. Ndipo mpaka 2022, Tanganda inali m'manja mwa Meikles, kampani yomweyonso ya masitolo a TM Pick n Pay. Wolima ndi wogulitsa anali pachibale! Ku Honde nako, Eastern Highlands Plantations inali pansi pa PGI ya ku Britain, eni ake a Lujeri kwathu ku Mulanje.

Nanga tiyi wolembedwa dzina la sitolo, wotchipa uja? Musamunyoze. Masitolo ambiri salima tiyi, amangouza fakitale ina kuti iwalongedzere.

Choncho tembenuzani paketi. Onani amene walongedza, magalamu ake, ndi tsiku lothera ntchito, kenaka muyerekeze mitengo pa kulemera kofanana. Kakomedwe kangasiyane ndithu, chifukwa amasakaniza masamba mosiyana. Gulani kapaketi kakang'ono kaye, mukalawe kunyumba, ndipo mukakhutira mudzagule yaikulu.